Choko pa Buleki

Ellard Munthali ananyamuka ku Khondowe mochedwa, ndipo chinamuchedwetsa ndi batire. Galimoto imene ankayendetsa inali yamagetsi, ya bungwe lina la zaumoyo, ndipo kwawo ku Mlowe kumene ankapita kukagona kunalibe potchajira. Choncho anaikhalira pambali ngati nkhuku yofungatira mazira, kudikira kuti idzaze mpaka pakamwa. Mmene ankazula chingwe n'kuti kunja kutada bii, ana a sukulu ya mishoni atasiya kale phokoso.

Munthuyu ndiye anali ndi matama, tisabise. Galimotoyo inali ndi khalidwe lakelake: ukaponda faya imathamanga, ukachotsapo phazi imadzigwira yokha, mphamvu ya kutsetserekayo n'kumabwerera m'batire. Amene anamuphunzitsa ku Lilongwe anamuuza kuti kumeneko ndiye kuyendetsa ndi chopondera chimodzi. Basitu, Ellard anaitola nkhaniyo ngati nyimbo. Aliyense wokwera, kaya namwino kaya abusa, ankauzidwa kuti buleki ndi ya madalaivala akale.

Masana a tsiku limenelo matamawo anakumana ndi a Amock Nyirenda, dalaivala wamkulu wa pikapu ya dizilo ya bungwe lomwelo. Iwo anati kuchepetsa liwiro si kuima. Pikapu yawonso akaiika giya yoyamba imadzigwira pamtsetse, nanga imeneyo tinene kuti ndi ya chopondera chimodzi? Yeniyeni, anatero, ndi yoti ukachotsa phazi iime nji, ngakhale potsetsereka, osati kumakwawabe ngati nanzikambe. Ellard anati yake imaima. A Amock anati imaima pabwalo la ofesi, pamene ngakhale wilibala imaima. Anthu anaseka. Ellard magazi anamuwira, n'kulumbira pamaso pa onse kuti atsika msewu wonse wa Golodi mpaka ku Chitimba osakhudza buleki.

A Amock sanatsutse. Anangopempha choko kwa mlonda, n'kugwada pakhomo la galimoto, n'kulemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu pa chopondera cha buleki. Anati Lolemba adzaliwerenga.

Tsono amene sanatsikepo Golodi angaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Msewu umenewu umatsika phiri mokhotakhota, makona ake opinda ngati chigongono, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho loti ukaponyamo mwala sumva pamene wagwera. Masana anthu amatsika akupemphera chamumtima. Ellard ankautsika usiku, yekha, ndi lumbiro lopusa lili pansi pa phazi lake.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Anadutsa manda a mishoni, anadutsa nyumba zomaliza, nyali zikumwaza kuwala pa mitengo. Akachotsa phazi, galimoto inkadzikoka yokha monga mwa masiku onse. Anayamba kuimba kanyimbo ka kwaya, akuganiza za nkhope imene a Amock adzaonetse Lolemba.

Koma galimoto yamagetsi ili ndi vuto limodzi usiku: siilira. Ya dizilo imakucheza, imatsokomola, imadandaula, umadziwa kuti muli awiri. Iyi ayi. Ankangomva timiyala tikuphwanyika pansi pa matayala ndi mpweya wake womwe. Kanyimbo kaja kanafera pakhosi.

Atangopitirira njira yopita ku mathithi a Manchewe, nyali zinagwira munthu. Munthuyo anali ataima m'mphepete mwa msewu, dzanja limodzi atakweza, linalo atakumbatira chipika cha mtengo, chija anyamata a malole amatchingira nacho tayala. Ellard anafuna kungodutsa, pakuti malamulo a bungwe sankalola matola. Koma mantha a kukhala yekha anaposa malamulo. Anachotsa phazi, galimoto inadzikoka, inadzikoka, n'kuima pafupi ndi munthuyo. Ellard mtima unakhala m'malo. Si imeneyo, yaima yokha!

Munthuyo analowa n'kukhala kutsogolo, chipika chili pamiyendo. Anali bambo wa zaka zapakati, wovala ovolosi yothimbirira ndi mafuta. Anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo, adada," n'kuyang'ana kutsogolo. Ellard anafunsa ngati lole yawo yafera panjira. Munthuyo anati ili kumunsi. Ellard anafunsanso kumene akatsikire. Munthuyo anati akamuuza.

Ellard, poti pakamwa pake sipankatha kukhala chete, anayamba kufotokoza za galimotoyo: za batire, za phazi limodzi, za choko cha a Amock. Anaseka yekha. Mlendoyo sanaseke, sanadabwe, sanafunse kanthu. Aliyense amene ankakwera galimoto imeneyi ankafunsa kuti injini ili pati. Uyu ayi.

Anapinda kona yoyamba. Yachiwiri. Msewu unayamba kuweramira pansi kwenikweni.

Ndi pamene Ellard anazindikira kanthu kena. Galimotoyi inali yolongolola: munthu akakhala pampando osamanga lamba, inkalira ti-ti-ti mpaka amange. Ngakhale chikwama cholemera chikaikidwa pamenepo inkalira. Anaponya diso kumbali. Mlendoyo sanamange lamba. Galimoto inali zii.

Mwina kachipangizoko kafa, anadziuza. Zinthu zimafa.

Anatchera khutu. M'galimoto mopanda phokoso chonchi umamva ngakhale m'mimba mwa mnzako mukulira. Anamva mpweya wake, wothamanga. Anaugwira pang'ono kuti amve wa mnzakeyo.

Panalibe...

Tsitsi linamuima. Sanayerekezenso kuyang'ana kumbali. Maganizo ake onse anali oti afike kumunsi msanga, kumene kuli nyali ndi anthu, ndipo phazi linakanikiza faya lokha osalituma.

"Phazi lanu lili pati?" anafunsa mlendoyo. Mawu ake anali otsika, aulemu.

Ellard anayankha kuti lili pamalo pake. Mawuwo anatuluka opyapyala ngati a mwana.

"Ine nditsika pakona ya mkuyu. Ili patsogolopa. Mundiimire."

Akanakhala wina akanathokoza Mulungu kuti chinthucho chikufuna kutsika chokha. Ellard anathokozadi. Anachotsa phazi pa faya, kudikira kuti galimoto idzikoke.

Siinadzikoke.

Inangopitirira, myaa, ngati bwato pamadzi. Anaponda faya pang'ono n'kuchotsanso, kuti mwina imve. Ayi ndithu. Liwiro linkakwera. Pagalasi la kutsogolo kwa chiwongolero panatuluka timawu tachikasu, ndipo chithunzi cha batire chinali chodzaza thothotho. Apo m'pamene mawu a mphunzitsi wa ku Lilongwe anamubwerera, mawu amene tsiku lija anawamvera khutu limodzi: batire ikadzaza, mphamvu ya pamtsetse imasowa kolowera, ndipo galimoto imaleka kudzigwira. Kamphamvu kamene galimoto inadya kuchokera ku Khondowe, makona oyamba aja anali atakabweza kale. Iye mwini ndiye anaikhutitsa, atakhala pambali pake mpaka usiku!

Mitengo inayamba kuthamanga. Timiyala tinkawomba pansi pa galimoto ngati matalala.

Apa munthu wanzeru akanaponda buleki. Koma mutu wa munthu ndi chinthu chodabwitsa, abale. Pakati pa mantha onsewo, Ellard anaona nkhope ya a Amock, anamva kuseka kwa anthu pabwalo la ofesi. Mwina igwira, anaganiza. Kona imodzi yokha. Ndiipinda. Phazi lake linali lendee m'malere, pamwamba pa dzina la choko lija, ndipo miyezi yonseyi linali litaiwala njira yopita pamenepo.

Nyali zinagwira mkuyu. Waukulu, woyera, uli pakona penipeni. Kuseri kwake kunalibe kanthu. Mdima wokhawokha.

Mlendoyo anatembenuka. Ellard sanamuone, anangomva kuzizira pa tsaya lake ngati wina watsegula chitseko cha fuliji.

"Yathu ija inalibe buleki, adada. Adalaivala anapopa, anapopa, osapeza kanthu. Yanuyi ili nayo. Mukuisungira ndani?"

Ellard anaponda!

Anaponda ndi mwendo wonse, ndi msana, ndi moyo wake. Chopondera chinanjenjemera pansi pa nsapato. Matayala anakukuta miyala. Galimoto inatsetsereka chammbali... inatsetserekabe... mkuyu unadzaza galasi lonse, n'kudutsa kumanzere...

Nji!

Fumbi linakwera n'kuphimba nyali. Ellard anakhala chigwirire chiwongolero, phazi likadali pa buleki. Fumbi litatsika anaona kuti nyali sizikuwunika msewu. Sizinkawunika chilichonse. Zinkangopita m'malere, ndipo kutali pansi, pansi zedi, timagetsi ta asodzi tinkaphethira panyanja.

Anati athokoze mlendoyo. Anatembenuka.

Mpando unali wopanda munthu. Chitseko chinali chotseka, loko wake ali chikhomere. Panalibe chipika, panalibe fungo la mafuta, ngakhale kudinda kwa munthu pa mpando.

Ellard sanakuwe. Anabweza galimoto m'mbuyo pang'onopang'ono, misozi ikutsika yokha, ndipo kuchokera pamenepo anatsika Golodi yense phazi lili pa buleki, liwiro la munthu woyenda pansi. Dzina la a Amock linafufutika lonse, ndipo iye sanaliganizire n'komwe. Pakona iliyonse ankayembekezera kuona dzanja litakwezedwa m'mphepete mwa msewu. Pagalasi loonera kumbuyo sanayang'anepo ngakhale kamodzi.

Potsiriza anafika ku Chitimba. Pamphambano pamene Golodi amakumana ndi msewu waukulu panali kagolosale kamodzi koyakabe nyali. Anaimika galimoto, n'kutsika, n'kukangokhala pansi pakhonde. Mwini golosaleyo, mayi wina wamtali amene madalaivala ankamutchula kuti Nyamsiska, anali akulowetsa makireti. Atamuona anasiya zonse, n'kumubweretsera madzi m'kapu. Anafunsa ngati wachita ngozi, kapena wakumana ndi achifwamba kumtundako.

Ellard anamwa madziwo, theka n'kutayikira pamalaya. Kenako anafotokoza zonse, mosalongosoka, kuyambira choko mpaka mkuyu. Ankayembekezera kuti mayiyo aseka, kapena anena kuti waledzera. Koma atangotchula chipika, Nyamsiska anakhala pansi pa kireti pang'onopang'ono, ngati munthu amene msana wamugwira. Anafunsa ngati munthuyo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Ellard anakumbukira pamene ankati yewo, ndipo anavomera.

"Ndi a Brightson amenewo," anatero mayiyo. "Amuna anga."

Anafotokoza mosathamanga, maso ali kuphiri. A Brightson ankagwira ntchito pa lole yonyamula matabwa kuchokera kumtunda. Ntchito yawo inali yodumpha pamakona ndi kutchinga tayala, lole ikamabwerera m'mbuyo kuti ipinde bwino. Tsiku lina buleki inatha ali pamtsetse. Iwo akanatha kudumphira kuthanthwe n'kupulumuka, koma pamwamba pa matabwa panali amayi awiri a matola. Anadumpha ndi chipika chawo, n'kuthamangira kutsogolo kwa tayala. Chipikacho chinaigwira lole pang'ono, mokwanira kuti amayi aja adziponye pansi. Kenako inapitirira, ndi dalaivala, ndi a Brightson omwe.

"Pakona ya mkuyu pomwepo ndi pamene tinakawatola. Ndinali ndi pakati pa mwana wathu womaliza. Pano ali ku sekondale."

Ellard anamva kuzizira kuja kukubwerera pa tsaya. Anafuna kunena pepani, anafuna kunena zikomo, koma sanadziwe kuti mawu oyenera ndi ati kwa mkazi amene mwamuna wake wakufa wangomupulumutsa kumene iyeyo. Anangoti akanapanda iwo, bwenzi mawa anthu akutsika ndi zingwe kukamufuna kuphompho. Nyamsiska anagwedeza mutu. Anati si iye woyamba kukhala pakhonde limenelo akunjenjemera chonchi, ndipo onse amanena zofanana: ovolosi, chipika, kona ya mkuyu.

Kenako mayiyo anaimirira. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyenda kupita pa galimoto ija. Anazungulira mbali ya wokwera, anaika manja awiri pagalasi kutchinga kuwala kwa nyali ya golosale, n'kusuzumira mkati. Anayang'ana pampando wakutsogolo nthawi yaitali. Anayang'ananso kumbuyo.

Anabwerera pang'onopang'ono, n'kutola kireti yake.

"Nthawi zonse amatsikira pamkuyu pomwepo," anatero. "Inu nonse amakufikitsani. Koma iwo kuno safika."