Mawu Amene Marjorie Anafufuta

Marjorie Makwinja anaima pabalaza, chikwama cha mabuku chikadali kumsana, envulopu yofiirira ili m'manja. Inali itafika Lachisanu lomwelo, ndipo malembedwe a pamwamba pake anali a bambo ake. Lamulo la pakhomopo ankalidziwa bwino: kaseti ya abambo simveredwa ndi munthu mmodzi. Imadikira Lamlungu, anthu akabwera kutchalitchi, amayi atakhala pampando wawo, a Mwansa ndi akazi awo a Justina, anansi ochokera ku Zambia, atabwera kudzamvera nawo. Koma amayi anali asanaweruke kuntchito, m'nyumba munali zii, ndipo zala za mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi sizichedwa kuyabwa. Anamatula envulopuyo pang'onopang'ono kuti adzathe kuimatanso.

Munali mu Novembala 1984. Panali patapita miyezi isanu ndi umodzi chichokere bambo ake, a Stafford Makwinja, ku Rockville, tauni ya pafupi ndi Washington ku America kumene banjali linkakhala. Ntchito yawo kubungwe lina la zachitukuko mu Washington inali itatha, ndipo kubwerera ku Malawi kunali kovuta pa zifukwa zimene akuluakulu ankangonong'onezana. Choncho anavomera ntchito yolangiza alimi a nthochi ku Dominica, dziko laling'ono la pachilumba m'nyanja ya Caribbean. Kumene ankakhala kunalibe telefoni, ndipo kulemba kalata ankadana nako. Ankati cholembera chimawadyera mawu. Ndiye ankayankhula pa kaseti mbali imodzi, n'kusiya mbali inayo kuti a kunyumba ajambulepo yankho.

Kusukulu Marjorie sankatchula n'komwe za Dominica. Tsiku lina analifunafuna dzikolo pa mapu a m'kalasi, n'kupeza kadontho konga chitosi cha ntchentche. Kuyambira pamenepo anzake akafunsa, ankangoti bambo ake ali paulendo wa ntchito. Ankachita manyazi. Munthu amene ankavala tayi n'kukwera sitima kupita mu Washington, lero n'kumawerenga mikoko ya nthochi? Zimenezo sizinali zouza anthu.

Anaika kaseti ija muwailesi n'kudina batani. Mawu a bambo ake anadzaza nyumba, tambala akulira chapatali kumbuyo kwawo. Anafotokoza za nyumba, za anansi, za basi ndi za nsomba, ndipo Marjorie anadzipeza akumwetulira asakufuna. Kenaka mawuwo anasintha.

"Tsopano nkhani yaikulu nayi. Zonse ndakonza. Mubwere Khirisimasi isanafike. Marjorie adzayamba sukulu kuno mu Januwale."

Marjorie anazimitsa wailesi. Anaganiza za anzake, za kwaya ya kusukulu imene anali atangolowa kumene, ndi za nkhope zawo akadzamva kumene akupita. Apa mpamene nzeru yoipa inamufikira, ndipo nzeru zoipa zimabwera zitavala bwino. Amayi akapanda kumva uthengawu, kaseti ina idzatenga masabata ambiri kuti ipite ndi kubwera. Khirisimasi idzadutsa, mwina chaka chonse cha sukulu. Ndipo amayi adzangoti abambo anasokoneza makaseti.

Anabweza tepi mofulumira osaifikitsa poyambira penipeni, natsegula siteshoni ya nyimbo, nadina batani lofiira lojambulira. Anaima pomwepo manja ali m'khwapa, nyimbo zikudya mawu a bambo ake. Atamva galimoto ya amayi ikuima panja, anazimitsa, nabwezanso tepi, namata envulopu ija ndi guluu.

Loweruka linamutalikira ngati mwezi. Amayi ake, a Edness, anaika envulopuyo pamwamba pa TV, ndipo nthawi iliyonse akamadutsa ankaikhudza ndi chala. Tsiku lonse ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Anakazinga mandasi, nasita ndi makatani omwe, ngati kuti mwini nyumba akubwera yekha. Marjorie anati mutu ukumupweteka, ndipo sanadye.

Lamlungu masana onse anakhala pabalaza, tiyi ali m'makapu. A Edness anavula nsapato za kutchalitchi, namanga chitenje pamwamba pa diresi, natsegula envulopu ndi mpeni wa buledi.

"Moni nonse kumeneko," anatero mawu a a Makwinja. "Amake Marjorie, muli bwanji? A Mwansa, ndikudziwa kuti mwakhala kale pampando wanga. Khalani, koma musauzolowere."

Onse anaseka. A Mwansa anamenya chogwirira cha mpandowo mokondwa. Koma kuseka kusanathe, mawu aja anaduka, ndipo m'malo mwake munabuka ng'oma ndi magitala.

"Ba Stafford bayamba disko ku chilumba?" anatero a Mwansa.

A Justina anaseka mpaka kutaya tiyi. Marjorie anasekako nawo, kuseka kouma kwa pamano. Amayi ake okha ndiwo sanaseke. Anawerama n'kuyang'anitsitsa wailesi, akudikira kuti amuna awo abwerere.

Nyimbo inatha. Kenaka munthu wa pawailesi anayankhula m'Chingerezi, mokondwa kwambiri. Anati Lachisanu limeneli kukuzizira mu Washington, ndipo amene akuweruka apewe msewu wa Rockville Pike chifukwa magalimoto adzazana.

Palibe anasekanso. A Edness anachepetsa mawu a wailesi koma sanaizimitse. Anatola envulopu ija, naitembenuza, nayendetsa chala pamene panali guluu wouma.

"Marjorie, Lachisanu unafika nthawi yanji?"

Marjorie anayankha m'Chingerezi kuti sakukumbuka.

"Ndakufunsa m'Chichewa."

Mtsikanayo anazolika. Analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe. "Ndine, amami," anatero motsitsa. "Ndinamvera, kenaka ndinajambulapo nyimbo."

"Mwangozi?"

Khomo lothawira linali limenelo, amayi ake omwe atamutsegulira. Marjorie analiona, koma miyendo ya bodza inali itatopa. "Ayi. Dala."

"Manje iwe mwana, wachita vichani?" anatero a Justina, dzanja lili pakamwa.

A Mwansa anaika kapu pansi n'kuyamba kufunafuna chipewa chawo. "Mulamu, ise tiyende. Izi ni za m'nyumba."

"Khalani, alamu," anatero a Edness. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinamuopsa Marjorie kuposa kukalipa. "Munabwera kudzamva uthenga wa bambo ake. Amene anaumva ndi uyu. Imirira, Marjorie. Tiuze zonse zimene ananena, mmene ananenera."

Marjorie anaimirira pakati pa balaza. Chichewa ankachimva chonse, koma kuchiyankhula nthawi yaitali pamaso pa akuluakulu anali atasiya kalekale. Mawu oyamba anatuluka opunduka.

"Anati nyumba ndi yachikasu. Ili paphiri, ndipo ukakhala pakhonde umaona nyanja. Madzi amamwa a mvula, a m'thanki." Anayang'ana amayi ake. "Anati pali gogo wina woyandikana nawo, a Callista. Tsiku loyamba adadi anadutsa pakhomo pawo osapereka moni, ndiye gogoyo anawaitana n'kuwafunsa ngati kwawo anthu amaleredwa ndi mbuzi."

A Mwansa anatsokomola pofuna kubisa kuseka.

"Pitiriza," anatero a Edness.

"Adadi anati anachita manyazi kwambiri, chifukwa Washington ndi imene inawaiwalitsa moni. Tsopano a Callista amawasiyira mandimu pakhomo m'mawa uliwonse. Anati basi ya kumeneko ilibe nthawi. Imanyamuka ikadzaza, ndipo dalaivala amadikira munthu amene akuvala nsapato. Ukakwera umapereka moni kwa basi yonse. Asodzi akabwera ndi nsomba amaliza chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja, ndiye aliyense amathamanga ndi beseni. Tsiku lobwera sitima ya pamadzi yotenga nthochi anthu onse amapita kukanyamula makatoni, ngakhale aphunzitsi. Anati mapiri ake akuwakumbutsa ku Thyolo."

Mawu tsopano ankabwera okha. Marjorie anadabwa kuti zonse anazisunga, mpaka mmene bambo ake ankasekera pakati pa nkhani. Ndipo pozinena ndi pakamwa pake anamva chinthu chimene Lachisanu sanachimve: munthu amene ankayankhula pa kasetiyo anali wokondwa.

"Anatinso," Marjorie anaima pang'ono, "anati masiku ano akumagona tulo."

A Edness anatseka maso. Marjorie anakumbukira miyezi imene ntchito ya bambo ake itatha ankangokhala pawindo atavala tayi, opanda kopita, maso ali ofiira. Iye nthawi imeneyo ankangodandaula kuti anzake asabwere kunyumba n'kuwaona.

"Nanga chimene unabisa n'chiyani?" anafunsa amayi ake.

"Anati tipite Khirisimasi isanafike. Ine ndikayambe sukulu kumeneko mu Januwale. Sindinkafuna kuti mumve." Misozi inayamba kutsika. "Anzanga sadziwa kumene adadi ali. Ndinkachita nawo manyazi."

Mawu amenewo atatuluka anamveka onyansa kuposa mmene ankamvekera mumtima. A Justina anayang'ana pansi.

"Atanena za Januwale, ananenanso chiyani?"

"Sindikudziwa, amami. Ndinazimitsa pomwepo."

Nthawi yonseyi tepi inali ikuzungulirabe, nyimbo zikulira chapansipansi. Mwadzidzidzi zinaduka pakati, pamene Marjorie anasiyira kujambula Lachisanu lija, ndipo kunamveka mawu a munthu. A Mwansa anafulumira kukweza.

"...ndiye zimenezo ndi zanu inu nokha, Edness. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikulephera kuzinena pamaso panu. Lero ndayesa katatu ndisanathe, ndipo sindikhulupirira kuti ndingazibwerezenso. A Mwansa, ngati mwamva nawo, muiwale." Anaseka pang'ono, napuma. "Marjorie mwanawanga, ndikudziwa kuti ndakusokonezera zambiri. Kusukulu yako yatsopano ndapitako kawiri. Kwaya iliko, ndafunsa. Ukabwera udzandikhululukire pang'onopang'ono. Tsalani bwino nonse."

Tepi inafika kumapeto, batani n'kudumpha lokha.

Chibadwire Marjorie anali asanamvepo bambo ake akuitana amayi ake ndi dzina. Nthawi zonse anali "amake Marjorie". A Edness anatambasula dzanja, nabweza tepi pang'ono, namveranso mawu omaliza aja. Anabwezanso kwambiri, koma kunali magitala. Anayesa kachitatu, kufunafuna ngakhale liwu limodzi lotsalira kutsogolo kwake. Kunalibe. Madzi akatayika saoleka.

Ulendo uno a Mwansa atatenga chipewa palibe anawaletsa. Potuluka a Justina anagwira phewa la a Edness, ndipo chitseko anachitseka mwakachetechete.

Marjorie anagwada pafupi ndi mpando wa amayi ake. "Pepani, amami. Ndimenyeni kapena ndilangeni mmene mungafunire."

"Ndikakumenya abwerera mawuwo?" anatero a Edness. Maso awo anali onyowa, koma mawu sanagwedezeke. "Bambo ako si munthu wa mawu ambiri pa zinthu zotere. Iwe ukudziwa. Za sukulu ukanandiuza, tikanakambirana. Ngakhale ine ndikuopa kupita kumalo kumene sindikudziwako munthu. Koma iwe unatenga chinthu chimene sichinali chako."

Anatulutsa kaseti ija, naitembenuza ku mbali yopanda mawu, naibwezera muwailesi. Kenaka anakankhira wailesiyo patsogolo pa mwana wawo.

"Lero uyamba ndiwe."

"Ndinene chiyani?"

"Zimene unachita. Sindikunenera ine ayi."

Anatolera makapu n'kulowa kukhitchini. Marjorie anamva mpope ukutsegulidwa mwamphamvu, madzi akuthira musinki. Anakhala chogwada pakapeti, akuyang'ana kaseti ija. Anaganiza za bambo ake atakhala pakhonde la nyumba yachikasu, akutsegula envulopu mokondwa, akuyembekeza kumva yankho la akazi awo pa mawu amene anawavutikira zaka zonsezo. Manyazi anamufika mpaka m'mafupa. Anapukuta nkhope ndi mkono wa juzi, nayamba kujambula.

"Adadi, ndine Marjorie. Tikubwera. Moni kwa a Callista." Anasendera pafupi ndi wailesi. "Adadi, zimene munawauza amami sanazimve. Ndinazifufuta ine, dala, chifukwa sindinkafuna kubwera. Ndikudziwa munati simungazibwerezenso. Koma chonde, tikafika, ine ndidzapita kukatenga nsomba ndi beseni, ndidzachedwa dala. Mudzawauze pamaso."

Kukhitchini mpope unali utatsekedwa.