Chishalo cha Anthu Awiri

Lorenso Alufandika ananyamuka ku Blantyre nthawi ili 6:40 madzulo, Lachiwiri pa 17 Julaye 1979. Iye ankafuna kunyamuka masana, koma msewu wa ku Chikwawa unatsekedwa kuyambira 2 koloko podikira mdipiti wa akuluakulu a boma, ndipo pamene apolisi ankautsegula n'kuti dzuwa litalowa kale.

Sanadandaule kwenikweni. Anali atakwera njinga yamoto yatsopano, ya ku Japani, ya masilinda awiri, yopangidwira maulendo ataliatali. Wotchi yake ya mtunda inkasonyeza makilomita 11 okha. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito ya ulangizi wa thonje ku Ngabu, Lorenso ankayendera kamthuthuthu ka ku ofesi, ka chishalo chouma ngati mpini, kamene madzulo aliwonse kankamusiya msana ukuphwanya. Iyi inali ina. Chishalo chake chinali chotakata ndi chachitali, chofewa pakati koma cholimba m'mbali, ndipo chakumbuyo chinakwera pang'ono kuti wokwera wachiwiri azikhala payekha. Kumbuyoko sanachotse pepala la pulasitiki la kufakitale. Ankafuna kuti woyamba kukhalapo adzakhale mkazi wake, Priska.

Priska anali kwa amayi ake, a Esinala, m'mudzi wina kutsidya kwa mtsinje wa Nyakamba, kufupi ndi Ngabu. Pa 9 Julaye anabereka mwana wamwamuna. Ameneyu anali wachitatu. Awiri oyamba anamwalira asanakwanitse mwezi, wina mu 1975, wina mu 1977. N'chifukwa chake Lorenso akutsazika, apongozi akewo anamulankhula ali kuseri kwa nkhokwe, nkhope atayang'ana kumbali monga amachitira ndi mkamwini.

"Akamwini, mwanayu ngwosakhwima. Popita ndi pobwera musaime pamaliro. Wakhudza maliro musampatse dzanja. Mukaphonya, pakhomo pano musaponde mpaka mutasamba mankhwala. Ndatopa nako kukumba timanda."

Lorenso analonjeza. Ndipo tsiku lonselo analisunga lonjezolo.

M'makhotakhota otsikira ku Thabwa ndi mmene anaidziwira njingayo. Poima inali yolemera, koma ikangoyenda inkapepuka, n'kumagona m'makona mwaulemu osagwedera. Injini sinkakuwa, inkangong'ung'udza chapansipansi. Pamabampu chishalo chinkamira pang'ono n'kumubweza mofatsa. Atayenda makilomita makumi anayi anadziyesa dala: anagwedeza chiuno, anawongola msana. Panalibe dzanzi. Panalibe kuwawa. Anaseka yekha m'chisoti, n'kumaganiza mmene azidzafikira kwa alimi a ku Chapananga malaya osakwinyika.

Mphepo yozizira ya kumapiri inatsala m'mbuyo, fungo la matope a Shire n'kumuchingamira. Mwezi unali usanatuluke. Nthawi ili pafupifupi 8 koloko, atatsala pang'ono kufika pamlatho, nyali yake inaunika munthu ataima njo pamphambano ya kanjira kakale kotsikira kudooko.

Anali mwamuna wachikulire, wovala jasi yaitali ndi chipewa cha mlomo, sutikesi yaing'ono ili m'manja. Sanaimike njinga. Anangoyang'ana kumadzi.

Lorenso anachepetsa liwiro. Malo amenewo mvuu zimatuluka usiku kudzadya, ndipo kumusiya munthu wamkulu pamenepo kukanakhala kupanda khalidwe. Apongozi analetsa maliro, sanaletse apaulendo.

"Zabwino, bambo? Mukudikira ndani mdima uno?"

"Pantoni," anayankha munthuyo, mawu ake otsika, kunena chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto. "Yachedwa."

Lorenso anaseka. "Pantoni inasiya kale, bambo. Masiku ano pali mlatho. Mwachokera kutali eti?"

"Ku Joni."

"Nanga mukulowera kuti?"

"Kunsi."

"Basi njira ndi imodzi. Kwerani, tiwoloke Shire."

Munthuyo anatembenuka koyamba. "Wanena bwino, mwanawe. Takhuta," anathokoza motero.

Anakwera. Pulasitiki ija sinalire. Njinga sinatsike ngakhale pang'ono. Lorenso anati mumtima: koma awa ndiye masipuling'i.

Kutsidya kwa mlatho kunali mtengo wopingasa pamigolo iwiri. Wapolisi anaunika laisensi, bambo wina wa chipani anaunika khadi. Onse awiri anazungulira njingayo akuyamikira. Wakumbuyoyo sanamufunse kanthu.

"Koma a alangizi mwagula nyumba yoyenda," anatero wapolisi uja, n'kumenya chishalo chakumbuyo ndi chikhatho. Phwa! "Malo onsewa munthu mmodzi? Mukanatitengako ife."

Anakweza mtengo. Lorenso anadutsa akumwetulira, poyesa kuti ndi nthabwala za apolisi. Anayenda kilomita imodzi, iwiri. Kenako kumwetulira kuja kunauma. Chikhatho chija chinagwa pachishalo penipeni... pamene panakhala munthu.

Anayang'ana pagalasi lakumanja. Mdima. Lakumanzere. Mdima. Koma m'chiuno mwake munali manja awiri, ndipo kuzizira kwake kunkapyola jekete.

"Muli bwino kumbuyoko, bambo?"

Manja aja anangomugwirabe.

Atadutsa Bereu anafika pa mtsinje wa Mwanza, umene mwezi wa Julaye umakhala mchenga wokhawokha. Mawu aja anamveka pafupi ndi khutu lake, ngati kuti chisoti panalibe.

"Mtsinje wanji uno?"

"Ndi Mwanza, bambo."

"Nena bwino."

"Tikuwoloka Mwanza... tiyeni."

Mawuwo anatuluka okha. Atatuluka m'pamene anawazindikira. Anawamva mu 1969, ali pamwamba pa lole imene inanyamula thupi la bambo ake kuchokera kuchipatala kupita kwa Malemia. Mkulu wina anakhala kumutu kwa bokosi, ndipo pa mtsinje uliwonse ankawerama n'kunena kuti, "Tikuwoloka wakutiwakuti, tiyeni." Amati wakufa sawoloka madzi popanda womuuza. Ukaiwala mtsinje umodzi, thupi limafika kumudzi koma mwiniwake amatsala patsidya, n'kumadikira.

Pa Shire paja ananena chiyani? Kwerani, tiwoloke...

Anaganiza za mwana. Masiku asanu ndi atatu. Dzina analibe.

Anafinya buleki yakutsogolo. Chogwirira chinalowa chonse, njinga osamva. Anaponda yakumbuyo. Chimodzimodzi. Anabweza mafuta. Singano inakhalabe pa 60, osakwera, osatsika. Ndipo chishalo chija, chimene anachiyamikira njira yonse, tsopano chinamugwira ngati ulimbo. Sichinkapweteka. Chinali chofewabe. Kungoti sakanatha kusuntha ngakhale pang'ono.

Pa Nkombedzi ndisatsegule pakamwa, anatero mumtima. Ndikapanda kutchula, atsala.

Anafika pa Nkombedzi. Injini inazima yokha, tayala lakutsogolo litangogunda m'mphepete mwa mlatho. Nyali inathima. Bii!

"Mtsinje wanji uno?"

Lorenso analuma mano. Anaponda kiki. Kachiwiri. Kachisanu. Palibe. Anayesa kutsika, mwendo unakana kudumpha chishalo. Kumbuyo kunayamba kulemera. Masipuling'i analira. Njinga inatitimira mpaka chitsulo chinagunda tayala. Manja aja anafinya. Msana wake unanyowa, madzi ozizira akutsetserekera m'buluku, akununkha ndere ndi matope.

"Bambo, chonde. Kwathu kuli khanda."

"Ndikudziwa."

"Awiri anapita kale. Ndisiyeni, ndapota nanu!"

"Ndaima nthawi yaitali, mwanawe. Nena bwino."

Anakhala pamenepo nthawi imene sanathe kuiwerenga. Galimoto silinadutse ngakhale limodzi. Achule anali chete. Mpweya unayamba kumuthera, nthiti zikuphwanyika.

"Tikuwoloka... Nkombedzi. Tiyeni."

Injini inalira yokha asanaponde kiki.

Ku Nchalo magetsi a fakitale ya shuga anali ngwee, ndipo pachipata panali alonda akuwotha moto. Anthu! Anakankha mahandulo kuti akhote. Anali gwa, ngati awotcherera. Lorenso anakuwa. Mlonda mmodzi anaimika dzanja kupereka moni kwa njinga yokongolayo. Magetsi anatsala m'mbuyo.

Zikatero munthu amagwira chilichonse. Lorenso anagwira ganizo limodzi: kulikonse kumene akatsike munthuyu, ine kwa Priska sindipita. Ndikagona kunyumba ya boma ku Ngabu. Mawa ndikatuma mthenga, akandisambitsa mankhwala, mwana ndidzamuona pambuyo. Ganizolo analibwereza ngati pemphero, kuchokera pa Jombo mpaka pa Miseu Folo.

Anafika pa Ngabu. Sitolo zotseka, msika wa thonje uli mbuu ndi mabelo. Nyumba yake inaoneka kumanzere, ya malata, yachitatu pamzere. Inadutsa.

Pa Nyakamba sanadikire kufunsidwa. Mphamvu zokana zinali zitatha.

"Tikuwoloka Nyakamba. Tiyeni."

"Watsala pang'ono," anatero mawu aja.

Mahandulo anakhota okha kulowa kanjira ka ngolo. Lorenso anakadziwa kanjirako. Mlambe wong'ambika. Chitsime. Khola la mbuzi la mitengo ya mitsanya.

"Ayi... kuno ayi! Bambo, kuno ayi!"

Njinga inadutsa pakati pa nkhokwe ziwiri n'kukaima pabwalo la a Esinala, mamita asanu kuchokera pakhomo pa nyumba imene munagona mwana. Injini inazima. Manja aja anamasuka. Chishalo chinadzuka pang'onopang'ono.

"Ukamuuze Esinala kuti Hilario wawoloka."

Lorenso anacheuka. Panalibe munthu. Panalibe sutikesi. Agalu a m'mudzimo, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, anali phee.

Anatsika. Anafuna kuikankha njingayo kuti achoke msanga, koma chitseko chinali chitatseguka kale. Kulira kwa injini kunadzutsa nyumba yonse. Priska anatuluka chothamanga, nsalu ili pachifuwa, kamtolo kali m'manja.

"Abambo! Mwatichedwetsa bwanji! Ii, ndi imeneyi? Koma ndiye chinjingatu!" Anaseka. "Mchombo wagwa lero m'mawa. Amayi amutulutsa kale, timangodikira inu. Landirani mwana wanu."

"Priska, ima..."

Anabwerera m'mbuyo, msana n'kugunda njinga. Anatambasula manja kuti amuletse. Priska anaona manja otambasuka, n'kuikamo mwana.

Kodi akanamuponya pansi?

Kanali kopepuka, kofunda. Kanadzigwedeza kamodzi pa jekete yonyowayo.

"Mwanyowa chonchi bwanji? Kwagwa mvula kumtunda?" anafunsa Priska.

A Esinala anatuluka ndi koloboyi. Ataona mkamwini anaima patali, nkhope kumbali.

"Mwafika, akamwini. Mwayenda bwino? Simunakumane ndi zovuta?"

"Amayi..." anatero Lorenso. "Ndinatenga munthu pa Shire. Wa jasi ndi chipewa. Anati akuchokera ku Joni. Watsikira pompano."

"Ali kuti nanga?"

"Wati ndikuuzeni kuti Hilario wawoloka."

A Esinala anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu za ukwati wa mwana wawo, anamuyang'ana mkamwini m'maso.

"Mwati ndani?"

"Hilario."

"Dzina limenelo mwalimva kwa yani? Priska, unamuuza ndiwe?"

"Ine ayi, amayi. Munatiletsa kulitchula."

"Mitsinje..." anatero a Esinala. "Munamutchulira mitsinje?"

"Yonse inayi."

Mayiyo anakhala pansi pafumbi, koloboyi ili m'manja.

"Hilario ndi mlongo wanga, wobadwa naye bere limodzi. Ankachokera kumigodi mu Febuluwale 1971, mwezi umene mapaundi anatha n'kubwera kwacha. Anapeza pantoni itaweruka, Shire atadzaza. Sanafune kugona patsidya. Anakwera bwato la asodzi usiku. Bwato linapezeka m'mawa lake, litagudubuka m'mabango. Iye sanapezeke. Tinalira masiku atatu, tinaika thunthu la nthochi m'manda. Panalibe womuwolotsa."

Priska anayang'ana amayi ake, anayang'ana mwamuna wake, kenako anayang'ana m'manja mwa mwamunayo.

"Mwanyamula maliro a zaka zisanu ndi zitatu, akamwini," anatero a Esinala chapansipansi. "Kuchokera pa Shire mpaka pakhomo panga."

Palibe anasuntha. Kumulanda mwanayo kunali kuchedwa, kumusiya kunali kosatheka. Mwana anali akadali m'manja mwa Lorenso, maso ali tong'o, osalira.