Chipewa cha Xadreque

Tsiku limenelo dzuwa linapendeka monga mwa masiku onse. Kampani ina inkaboola phiri kwa Nthache kuti mudutse mapaipi a madzi, ndipo Jailosi ndiye anali mlonda pakhomo pa mphangayo.

Lamulo linali lakuti asanaphulitse mwala, akapitawo aziwerenga zipewa za antchito zopachikidwa pakhomo. Zikakwana, ndiye kuti anthu onse atuluka. Masana Jailosi anapeza chipewa chitagwera m'ngolo yotulutsira miyala, n'kuchipachika pamsomali. Sanafunse mwini wake.

Akapitawo anawerenga, wezulo inalira, phiri linanjenjemera. Denga la mkati linagumuka n'kutseka njira. Makina anazimitsidwa, anthu anaweruka.

Kutada, paipi yolowetsa mpweya inalira. Ngo, ngo. Jailosi anati mwina n'chitsulo chikuzizira. Inaliranso. Anatola mwala n'kugogoda. Mkati munayankha.

Anaunika tochi pazipewa. Chimene anapachika chija chinali chomangidwa ndi kansalu kofiira. Chinali cha Xadreque, waganyu wa kumalire.

Anathamangira kumsasa.

"Akapitawo, muli munthu m'phirimo!"

"Zipewa zinakwana. Chakecho anapachika ndani?"

Akapitawo anamuloza Jailosi chala n'kupitiriza.

"Ndiye bwererani, achimwene. Mukufuna tikaolere kundende tonse?"

Pobwerera anaona munthu atakhala pamulu wa miyala, thupi lonse mbuu ndi fumbi, kumutu kulibe chipewa.

"A Jailosi," anatero munthuyo ndi mawu osasa, "mwazimitsiranji mpweya?"

Jailosi anathamangira pamakina opopa mpweya. Anali okhoma, kiyi ali ndi akapitawo. Anakoka loko, anamenya ndi mwala, osatheka. Pocheuka, pamulu paja panalibe munthu. Paipi yokha inkalirabe, motalikiratalikira. Tambala asanalire inasiya.

M'mawa antchito anam'peza Jailosi mkati akufukula miyala ndi manja, zikhadabo zitazuka. Anam'tulutsa mochita kum'koka.

Apo n'kuti Iness, mkazi wa Xadreque, ataima pakhomo, mwana ali kumbuyo. Akapitawo anamuuza kuti mwamuna wake anathawira ku Mozambiki. Mayiyo anayang'ana Jailosi.

"Inu alonda, simunganame. Bambo a mwanayu anatulukadi?"

Akapitawo anatsokomola.

"Anatuluka, mayi," anatero Jailosi.

Mulungu anamva mawu amenewo.

Kampani inamata mbali ija ndi simenti n'kukhotetsa njira. Anthu a m'mudzimo amanong'onezana zimene akudziwa, koma palibe amamuuza Iness. Mpaka lero amapita kuchipata cha malire, kumaimitsa madalaivala a malole ochokera ku Tete, kuwafunsa ngati anakumanako ndi mwamuna wake.