Tcheni Chinadukira Pamlatho

Dzuwa linali litalowa kale pamene wokonza njinga wina, amene anthu ankamutcha Bolaziyende, anatuluka m'chipinda choonetsera mpira. Foni inali italira kasanu m'thumba, iye osayankha, ati chigoli chingamudutse. Italiranso, anamva mawu a mlamu wake akunjenjemera.

"Alamu, mphumu ija yawagwiranso achemwali ndipo kampope kawo katha. Gulani kena, fulumirani! Akubanika."

Apo m'pamene nzeru zinabwerera. Anapeza wogulitsa mankhwala akutseka chitseko, anamuchonderera, nagula kampopeko n'kukaika m'thumba la malaya. Kwawo kunali kutali, ola lathunthu panjinga.

Dzina lakelo sanalitole pamsewu. Munthu akabwera pashedi pake ndi tcheni choduka, iye sankafufuza kuti chadukiranji. Ankangolumikiza ndi msomali, kumenya hamala kawiri, kuthira oyilo wakuda wotsala m'galimoto, basi: "Bola ziyende!" Wodandaula ankamuuza kuti akagule ndege. Njinga yakeyo ndiye musachite kufunsa, tcheni chake chinkalira ngati chitseko cha bafa.

Anapalasa ndi mphamvu zonse. Nyumba zinatha, magetsi anatsala m'mbuyo, msewu unatsetsereka kulowera kumtsinje. Ali pakati pa mlatho anaimirira pamapedulo kuti akwere chitunda cha kutsidya.

Thwa!

Mapazi anazungulira m'malere. Tcheni chinali gone pansi. Anatukwana, nayamba kupapasa m'matumba kufuna msomali.

"Chaduka, amisiri?"

Anatembenuka. Pazitsulo za m'mbali mwa mlatho panakhala bambo wina wa jekete lachikasu, mwendo umodzi wa buluku ataupisa m'sokosi monga amachitira opalasa njinga. Zovala zake zinkadontha madzi. Mvula inali isanagwe mwezi wonse.

"Wapansi ndi maola atatu," anatero mlendoyo. "Bweretsani tichione."

Mlendoyo anachinyamula n'kuchiyendetsa m'zala pang'onopang'ono, ngati kunja kukuwala.

"Tcheni sichiduka popanda chifukwa. Pini iyi mwaitulutsa ndi kuibwezera kangati? Bowo lakula, kachitsulo ka m'mbali kakanuka. Mutaponda mwamphamvu, pini yapulumuka. Mwaona?"

"Bambo, ndili ndi matenda kunyumba. Msomali ndaupeza, tingolumikiza."

"Msomali..." Mlendoyo anaseka osatsegula pakamwa. "Ayi. Lero tikonza bwinobwino."

Bolaziyende anaganiza zosiya njingayo n'kuyamba liwiro. Miyendo inakana. Anayesanso... inali ngati aithira simenti. Dzanja la mlendoyo linamugwira pamkono. Kuzizira kwake kunalowa mpaka m'fupa.

"Khalani pansi."

Anakhala. Patsogolo pake panali chitini cha palafini ndi mswachi wakutha, osadziwa kuti zachokera kuti.

"Tsukani. Mfundo iliyonse payokha. Oyilo wakuda amagwira mchenga, mchenga umadya mapini. Zimenezi mumazidziwa."

Ankazidziwadi, ndipo n'chimene chinamuwawa kwambiri. Anatsuka mothamanga, palafini akudontha m'zigongono. Mlendoyo analandira tchenicho n'kuyamba kupinda mfundo imodziimodzi.

"Iyi yauma, sikupindika. Yambiraninso."

Foni inalira m'thumba. Dzanja linakana kupitako. Inalira... inalira... inasiya.

"Chonde bambo, mkazi wanga akubanika!"

"Ndikudziwa. Tsukani."

Anatsuka kachiwiri. Kachitatu. Misozi inkagwera m'chitini. Anamulonjeza mlendoyo njingayo, shedi, zipangizo zonse, koma zinali ngati akulankhula ndi mwala.

"Pukutani chiume. Tsopano oyilo woyera uyu, dontho limodzi pamfundo iliyonse. Wotsala kunja mupukute, angaitane fumbi."

Mfundo zinalipo zoposa zana. Dontho. Dontho. Dontho. Foni inaliranso, nthawi yaitali, kenako zii.

Mlendoyo anamukoleketsa tcheni pakalanka, chigudumu cha mano chija cha pamapedulo, n'kumuuza achikoke kutsogolo.

"Chikanyamuka mpaka mano kuonekera, ndiye kuti chatha, musamunamize mwini wake. Ichi chikadali ndi moyo pang'ono. Papasani manowo. Akasongoka ngati minga amadya tcheni chatsopano. Papasani onse."

Anapapasa onse, zala zikutuluka magazi. Kenako mlendoyo anatulutsa jointi yolumikizira tcheni m'jekete, yonyowa, namuika m'manja.

"Kotsekera aka, mutu wake uziyang'ana kumene tcheni chikupita. Mukakatembenuza kamathothoka panjira."

Bolaziyende anapupuluma. Anakaika chotembenuza.

"Chotsani."

Kanagwera pansi, mumdima. Anakwawa pamlatho ponse akukafufuza ndi zikhatho, akulira ngati mwana, mlendoyo ali phee kumuyang'ana. Atakapeza anakaika bwino. Anakoka gudumu lakumbuyo mpaka tcheni chinasiya kugwedera koma osaumanso, namanga manati mbali zonse mofanana.

"Mwaona, amisiri? Ntchito mumaitha. Kungoti anthu simuwawerengera."

Atadzutsa mutu... panalibe munthu! Panalibe chitini, panalibe mswachi. Panangotsala madzi pamene anakhala mlendoyo paja. Kutali tambala analira. Kum'mawa kunali kukufiira.

Anakwera njinga. Inayenda myaa, osalira ngakhale pang'ono, kuposa tsiku limene anaigula. Chitunda chija anachikwera ngati palibe.

Asanakhote kulowa m'kanjira ka kwawo anamva maliro. Pakhomo panali mipando yobwereka kwa aneba, azibambo atazolika mitu. Mlamu wake anatuluka m'nyumba maso ali psuu, namuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Anakuitanani mpaka mawu anatha, alamu. Ankangoyang'ana pachitseko. Munali kuti?"

Iye anatulutsa kampope kaja n'kukatambasula m'manja. Palibe anakalandira. Anayamba kufotokoza mwachibwibwi za mlatho, za palafini, za bambo wa jekete lachikasu. Mlamu wake analavula pansi n'kubwerera m'nyumba. Azibambo anayang'ana kumbali, ena akunong'onezana kuti wagona kumowa.

Mmodzi yekha sanayang'ane kumbali, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo, imene inakalambira ntchito yokumba mchenga kumtsinje uja.

"Mwati jekete lachikasu? Buluku mwendo umodzi m'sokosi?"

"Eya! Mukumudziwa? Auzeni anthuwa kuti sindikunama!"

Nkhalambayo inavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ameneyo tinamuvuula ndife, pansi pa mlatho womwewo, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Njinga yake inali ija yoima ukapalasa chambuyo. Tcheni chitamudukira pamtsetse analibenso buleki, anakawomba zitsulo n'kugwera m'madzi. M'jeketemo tinapezamo botolo la mankhwala a mwana wake. Mwanayo sanafike m'mawa."

Nkhalambayo inamuyang'ana Bolaziyende m'maso, n'kupitiriza.

"Madzulo amenewo anali atangochoka pashedi panu, aneba. Tonse tinkadziwa, kungoti tinakusungirani chinsinsi."