Moto Womaliza wa kwa Habiba

Mlendoyo anati dzina lake ndi Binwell Kamtedza, ndipo chimene ankapempha chinali chodabwitsa: ankafuna kuti Lachinayi likubweralo, dzuwa likangolowa, Habiba azimitse moto wa m'nyumba mwake, asasiye ngakhale khala limodzi.

Habiba ankapeta mpunga pakhonde, ndipo sanadzutse mutu. Dzinalo linali lachilendo, koma mawuwo anawazindikira munthuyo asanamalize n'komwe kupereka moni. Anawamvapo zaka zapitazo kwawo ku Khombedza, usiku umene anyamata a zibonga anazinga nyumba yawo pa nkhani ya makhadi a chipani. Masiku amenewo munthuyu ankangotchedwa Kapitawo, ndipo akatsokomola kumsika, amuna a ndevu zawo ankavula zipewa. Ndiye anayatsa denga lawo ndi dzanja lake. Ndiye analamula kuti Che Omari, mwamuna wa Habiba, amenyedwe mpaka mkono wamanja unapuwala. Banjalo linathawira kumudzi uno wa m'mbali mwa dambo, kufupi ndi Lifuwu. Za atcheyamani a alimi a mpunga a tsidya lina la dambo, Habiba ankangozimva. Sanaganizepo kuti n'kukhala munthu yemweyo, atataya chibonga n'kuvala jekete yakuda.

Binwell sanakhale pampando umene unali pomwepo. Ananjuta pansi pabwalo, n'kufotokoza motsitsa mawu. Anati iye ndi alimi ake anakumba ngalande yopititsa madzi kuminda yawo, ndipo pofuna chidule anaidutsitsa pachulu chachikulu cha pakati pa dambo, pamene eni dziko sadyetsapo ngakhale mbuzi. Anamuletsa, koma iye anali asanazolowere kuletsedwa. Pansi pa chulucho anapeza mafuwa akalekale, ozizira moti wowagwira dzanja linkachita dzanzi, ndi dzenje limene nsungwi yayitali inalephera kufika pansi pake. Kuyambira pamenepo, china chake chinayamba kuyenda m'midzi. Nkhalamba zinkakana kuchitchula dzina. Zinkangoti Wakale uja wadzuka, wazizidwa, akufuna pootha.

Mankhwala ake, anatero Binwell, ndi a makolo: moto wonse uzime usiku umodzi, phulusa likatayidwe pamphambano, m'mawa apeke moto watsopano ndi timitengo, nyumba iliyonse ipale pamenepo. Iye mwini adzazungulira nawo khomo ndi khomo.

"Moto wa m'dzanja lanu ndinaulandira kale, bambo," anatero Habiba, maso ali palichero. "Unandikwana."

Binwell anadzuka, nawomba m'manja pang'ono ngati mkamwini, n'kumapita.

Unali mwezi wa Okutobala, nthaka ikuwotcha mapazi, anthu akugona zitseko zili pululu. Koma mphekesera za m'mudzimo zinali za kuzizira. Ankati nyumba imene Wakale waothamo, m'mawa umapeza phulusa lanyowa, ndipo pambali pa mafuwa pali kadzenje kosalala ngati panakhala munthu wolemera. Ankati m'nyumba yoteroyo mmodzi amayamba kunjenjemera. Saidi, msodzi wa mapewa ngati chitseko, anamwalira atafunda mabulangete onse a m'nyumba mwake masanasana, ndipo amene anamusambitsa ananong'ona kuti m'kamwa mwake munkatuluka madzi onunkha matope. Kuchipatala anati ndi malungo. Anthu anavomera, poti masiku amenewo munthu sankatsutsa za m'maofesi.

Ngakhale kusonkhana kumene kunali koopsa. Amuna akaima pagulu nthawi yaitali, mawa lake wina ankaitanidwa kuboma kukafotokoza. Choncho Binwell sanaitanitse msonkhano. Anayenda yekha, wapansi, kufuna omuthandiza pakati pa anthu amene kale ankathawa mthunzi wake. Kwa ashehe anavula nsapato ali kutali ndi mzikiti. Kwa akulu a mpingo anadikira pansi pa mtengo mpaka mapemphero atatha. Kwa amuna a kudambwe, eni gule wamkulu, amene ena mwa iwo anali ndi zipsera za chibonga chake, akuti anamusiya ali chogwada tsiku lonse asanamuyankhe. Kwa ofunsa mafunso ankati Lachinayi ndi tsiku la ukhondo, lotaya phulusa ndi zinyalala. Mmodzimmodzi anavomera.

Woyandikana ndi Habiba anali mphunzitsi wa kupulayimale, Mayi Scholastica, wochokera ku Thyolo. Mayiyu sanafunsepo za mkono wa Che Omari, koma nthawi zonse akamawapatsa kapu ya tiyi ankaitembenuza kuti chogwirira chiloze kumanzere. Poyamba nkhani ya Wakale ankaiseka, amvekere kodi chinthu chimenechi chikumana ndi machesi a m'sitolo chidzatani. Lolemba m'mawa anabwera osaseka. Anati usiku anamva wina akupuma m'khitchini mwake, kupuma kwa munthu amene wangovuuka m'madzi, ndipo kutacha mphika wake unali ndi ndere kunsi.

"Ine ndine wa pemphero, amayi," ananong'ona, "koma Lachinayi ndizimitsa. Inuyo bwanji?"

Habiba anayankha kuti wa kwake suzima.

Usiku wa Lachiwiri anadzidzimuka ndi bata. Achule a m'dambo, amene phokoso lawo munthu amaliiwala chifukwa silitha, anali atasiya. Sanasiye onse pamodzi. Anayamba ndi akutali, kenaka a pakati, kenaka a kuseri kwa nyumba, ngati wina akuyenda n'kumawatseka pakamwa. Ndiye kunamveka mapazi, olemera, onyowa, phazi lililonse likuchoka pansi monyinyirika ngati likuzulidwa m'thope. Anazungulira nyumba ya aphunzitsi, naima. Habiba anagwira mpweya, akunena duwa, pemphero lake, mumtima. Mapaziwo anabwera mpaka pakhonde pake. Chitseko sichinatseguke, koma kamoto ka m'mafuwa kanachita tsii, monga kamachitira mukadontheza madzi.

Kutacha, phulusa linali phala. Che Omari anapempha bulangete.

Lachitatu lonse anagona chopinda miyendo, mano akugundana, khungu lili zii ngati mtsuko wa madzi. Habiba anasonkhezera nkhuni mpaka iye mwini thukuta linkamulowa m'maso, koma moto ukamakula, mwamunayo ankanjenjemera koposa. Madzulo ake ashehe anadutsa kudzawaona. Sanamukalipire Habiba. Anangoti chilonda cha mtima wake akuchidziwa, ndipo palibe angamukakamize. Habiba anawathokoza, nawonjezera chikuni china.

Lachinayi dzuwa litapendeka, amayi anayamba kudutsa ndi malichero a phulusa kulowera kumphambano, osayankhulana. Mdima utagwa, mudzi wonse unazimiririka. Kunalibe koloboyi, kunalibe ndudu, kunalibe ngakhale nyali za asodzi zimene masiku onse zimandandalika kutali pamadzi. Habiba anasuzumira pazenera, naona kuwala kofiira kwa moto wake kukutuluka m'ming'alu ya chitseko n'kugwera pabwalo. Apo m'pamene anazindikira chimene wachita. M'dziko lonselo la mdima, pootha panatsala pamodzi pokha.

Achule akutali anasiya.

Wina anagogoda, koma kunali kugogoda kwa zala za munthu. Atatsegula anapeza Binwell, m'manja atanyamula phale lopanda kanthu.

"Sindinabwere ndi moto, mayi," anatero. "Ndabwera kudzatenga."

Analankhula mofulumira, akutchera khutu kudambo. Anati amuna a kudambwe anamuuza kuti pa mwambo umenewu sipalephera kutsala nyumba imodzi yokana, ndipo Wakale amalunjika kumeneko. Moto womalizawo umafunika wina aunyamule, ayende nawo pang'onopang'ono kuti chinthucho chizimutsatira, mpaka akauike pa mafuwa aja pansi pa chulu. Wonyamulayo ayenera kukhala amene anatsegula dzenjelo. Koma motowo sulandidwa. Mwini wake aupereke yekha ndi manja ake, apo ayi Wakale sasuntha.

Habiba anaima pakhomo, akuyang'ana munthu amene dzina lake lakale linkamulepheretsa tulo.

"Ndiye mukabwerako?" anafunsa.

"Akuti ena amabwerako."

Achule a pakati anasiya. Kumbuyo kwake Che Omari anatsokomola, ndipo chifuwacho chinamveka ngati ndowa ikudzaza. Habiba atacheuka anaona madzi akuda akutuluka pansi pouma pambali pa mafuwa, ndipo dothi la pamenepo linkalowa m'kati pang'onopang'ono, likusalala, ngati wina akukhala pansi mosamala.

"Mpatse, Habiba," anatero Che Omari, mawu akutuluka movutika. "Nthawi ija sanapemphe."

Habiba anagwada. Kuzizira kumene kunali pamafuwapo kunamulowa m'mafupa a nkhope, ndipo anamva fungo la matope a pansi penipeni, osaonapo dzuwa. Sanayang'ane kumbali. Anakokera makala onse m'phale ndi chipande, mpaka kakang'ono komwe kanabisala kuseri kwa fuwa, nanyamula ndi manja awiri. Binwell asanalandire anavula jekete yake, naifunditsa Che Omari pamwamba pa bulangete, n'kuipinda bwino kumbali ya mkono wopuwala. Anati m'nyumbamo muzizira mpaka m'mawa. Kenaka anatenga phale lija, natuluka.

Habiba anamuonerera ali pakhomo. Kankaoneka ndi kadontho kofiira kokha, kakuyenda mwapang'onopang'ono kutsikira kudambo. Ndiye china chake chinamudutsa pakhomopo, chosaoneka, chachikulu moti anakanikizidwira kukhoma, ndipo nsalu yake inanyowa mbali imodzi. Mapazi aja anatsika pakhonde, nalondola kadonthoko. Sanali pa changu. Kadonthoko kanachepa, kanabisika m'mabango, kanaonekanso, kenaka kanazima. Patapita nthawi yaitali, chule mmodzi analira kuseri kwa nyumba, ngati akufunsa, anzake n'kumuyankha.

M'bandakucha, ashehe ataitanira swala, pemphero la m'mawa, Mayi Scholastica anabwera ndi chikuni choyaka. Anati moto umenewu apeka anthu ambiri mosinthana, a kumzikiti, a kutchalitchi ndi a kudambwe, mpaka manja anatuluka matuza, ndipo iye wangounyamula chabe. Anauyatsa yekha pamafuwa, naikapo ketulo. Dzuwa lisanafike pamutu Che Omari anakankha zofunda, akudandaula kuti afuna kumuphika wamoyo.

Binwell anabwerako. Alimi ake anamupeza m'mawa womwewo atakhala pachulu, matope mpaka m'chiuno, ndipo anakwirira ngalande ija tsiku lomwelo iye akungoyang'ana. M'midzimo simunafenso munthu ndi kuzizira. Koma zinkamveka kuti atcheyamani sayankhulanso, mkazi wawo wabwerera kwawo, ndipo m'nyumba mwawo moto suyaka, ngakhale uthire palafini.

Habiba anachapa jekete ija, nasoka batani limene linali lendelende, naisita ndi makala a moto watsopano. Inakhala pamsomali masabata angapo. Tsiku lina masana, osauza munthu, anaikulunga m'nsalu, nazungulira dambo mpaka tsidya lina.

Anamupeza Binwell atakhala pabwalo, padzuwa loswa mtengo, atakumbatira mawondo, akunjenjemera. Anali atatha ngati chiphesi. Habiba anapereka moni. Anafunyulula jekete ija, naiika pamapewa pake, n'kuikokera kutsogolo kuti itseke chifuwa. Zala za Binwell zinakwera pang'onopang'ono, n'kugwira kolala.

Powerama paja m'pamene Habiba anaona kuti dothi limene munthuyo anakhalapo linali lonyowa, bwalo lonse lili gwaa. Ndipo pambali pake, moyandikana kwambiri ngati mmene amakhalira anthu ozolowerana, panali kadzenje kosalala, madzi akuda akudikha m'kati mwake.

Habiba anapinda nsalu yake, nawomba m'manja pang'ono potsazika, kwa onse awiri, n'kubwerera kwawo osacheuka.