Dikirani Ndikuperekezeni

Ine madzi ndimadziwa a m'chitsime. Kwathu ndi ku Nsadzo, kumene kamtsinje kamauma chaka chisanafike pakati. Ndiye mwana wathu Dércio, uja amagwira ntchito ya malasha ku Moatize, atanena kuti watikonzera masiku atatu pa bwato la anthu olemera ku nyanja ya Cahora Bassa, ndinamufunsa ngati watopa nafe.

Amuna anga, a Barnaba, ndiwo anakondwa. Koma muwadziwe kaye bambowa. Ulemu wawo ndi wopyola muyeso. Munthu wongodzabwereka khasu amamuperekeza mpaka kumsewu, chakudya chikuzizira. Zaka makumi atatu ndakhala ndikulalata, kulalatira mwala.

Bwatolo, abale inu! Nyumba yeniyeni yoyandama. Zipinda zinayi, bedi lofewa lobonyera, madzi otentha otuluka pakhoma. Anthu ovala zoyera ankatibweretsera nsomba tisanapemphe n'komwe. Ndinadya mpaka kudzichitira manyazi. Ndisaname, tsiku loyamba ndinasangalala.

Dércio anali ndi chipinda chakechake, chathu chinali ndi zitseko ziwiri. China cholowera m'kati mwa bwato. China chagalasi, chotulukira pakakhonde kamatabwa, pamene panali masitepe atatu otsikira m'madzi, oti ofuna kusambira azitsikirapo.

Tsiku lachiwiri madzulo anaimika bwato pakatikati, pafupi ndi mitengo youma yotulukira m'madzi. Makina anazima. Kunali kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Tinagona. Kunja kunali zii.

"Odi."

Mawu a mayi wachikulire, otsika. Ochokera ku chitseko chagalasi.

Kumeneko kulibe njira, kuli madzi okhaokha. Ndinati ndiwatsine a Barnaba, koma pakamwa pawo panali patafulumira kale.

"Odini! Fikani, mayi."

Chitseko sichinatseguke. Fungo ndilo linalowa, la matope a pansi pa chitsime. Kuseri kwa nsalu yotchinga galasi ndinaona munthu atagwada, momwe mkazi amagwadira pakhomo pa eni. Madzi ankadontha pamatabwa. Tho. Tho.

"Pepani, ndakudzutsani. Ndadzapala moto. Kwathu unazima kalekale."

A Barnaba anadzuka, anapapasa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kabokosi ka fosiforo, machesi aja. Anatsegula chitseko pang'ono, anapereka ndi manja awiri. Ine ndinangoona dzanja lolandira. Lotuwa, lamakwinya ngati la munthu amene wachapa tsiku lonse. Kenako mayiyo anawomba m'manja kuthokoza, kuwomba konyowa.

"Zikomo, bambo. Ndapita."

"Iyayi, mayi. Dikirani ndikuperekezeni."

Mayo ine! Ndinadumpha pabedi. Pamene ndinkawagwira m'chiuno n'kuti atatsika kale sitepe yoyamba, madzi ali m'akakolo. Ndinakokera kumbuyo. Iwo ankakokera kutsogolo, ndi mphamvu zimene sindinawaonepo nazo.

"Amake Dércio, tandisiyani, mukundichititsa manyazi. Ndingowafikitsa pamphambano apo."

Ankaloza madzi akuda bii.

"Mphambano yanji, abambo inu? Mwapenga?"

"Kodi simukuiona njira?"

Sitepe yachiwiri. Madzi m'maondo. Ndinakuwa mpaka kukhosi kung'ambika. Dércio anatulukira ndi woyendetsa bwato, onse awiri n'kuwakoka a Barnaba mpaka m'chipinda. Titaunikira pakhonde, panalibe munthu. Panali matope okha pawiri, pamene panagwada maondo.

Kutacha, woyendetsa uja, bambo wachinyungwe wa imvi, anandiitanira pambali. Anati pansi pomwe tinagonapo panali midzi madzi a damu asanabwere. Amoyo anasamuka, manda anatsala. Anati iwo a panyanja odi wochokera kumadzi samuyankha.

"Tinaiwala kukuuzani, mayi. Azungu amene timanyamula sadziwa kuyankha odi."

"Ndiye titani? Moto tapereka kale."

"Moto si kanthu. Koma amuna anu sanawalonjeze chilichonse?"

Ndinamuuza mawu a a Barnaba. Bamboyo anapita pomwepo kukadzutsa makina, ndipo tsiku lachitatu lija sitinalimalize.

Tinabwerera ku Nsadzo, miyezi itatu yapitayi. Mukawaona a Barnaba simungadziwe kanthu. Amalima, amadya, amaimba kutchalitchi ngati kale. Koma dzuwa likamalowa amaima pakhomo, maso kum'mwera kumene kuli nyanja ija, n'kumadzilankhulira: "Mayi aja akudikirabe. Si ulemu umenewu." Abusa anabwera kudzapemphera kawiri. Kuchigayo azimayi amanong'ona kuti mlendo amene wauzidwa kuti dikirani sachoka.

Ndimagona nditamanga kapulana, chitenje changa, padzanja langa ndi lawo. Iwo amaseka, ati ndawasandutsa mbuzi. Ine sindiseka. Ndimawakonda bambowa, ndi ulemu wawo wopusawo, ndipo sindifuna kukhala wamasiye chifukwa cha bokosi la fosiforo. Chinkandilimbitsa mtima n'chimodzi: kunali chilimwe, dziko lonse gwaa, madzi omiza munthu ali kutali.

Tsopano mvula yagwa masiku anayi osaleka. Kamtsinje ka kuseri kwa dimba lathu kadzaza, tikukamva kakulindima tili m'nyumba. Lero madzulo ndili kutsuka mbale pakhonde, mphepo inabwera ndi fungo la matope. Ndinatembenuka. A Barnaba anali ataima kumbuyo kwanga, chipewa m'manja, akumwetulira.

"Amake Dércio, taonani kuleza mtima kwa mayi aja. Atilondola mpaka kuno. Ndingowawolotsa, ndibwera."