Jeke wa pa shedi yakale

"Ine ndagona ku Joni zaka naini, mfuti zikuthetheka ngati mbuliwuli. Lero ndiope njerwa?"

Anatero a Francisko Kalinde potseka chitseko cha shedi yakale ya fodya, imene azungu a esiteti anaisiyira mileme. Iwo anali ataikonza kukhala bala yamakono, yofulula mowa wakewake m'mathanki onyezimira. Pakati anaikapo jeke wakale wodindira mabelo a fodya. Amisiri anawachenjeza kuti chitsulo chimenecho sachigwira, koma bwanayo anachimanga mpaka pansi, naitana wowotcherera kuti achiwotcherere, chikhale tebulo la alendo olemekezeka. Kutsegulira kunali Loweruka, makhadi oitanira alendo atapita kale ku Boma ndi ku Limbe.

Anaweruka mochedwa, kabaza atatha. Anauyamba wapansi wa ku Kadewere, akuimba mluzu.

Pa mlatho anamva munthu akupuma kumbuyo. Fwii... fwii... ngati pampu yobooka.

Anali mkulu wa kabudula wa kaki, wopanda nsapato. Fungo la fodya wachikopa linali guu!

"Achimwene," anatero mkuluyo, lilime lake la Chilomwe chakale. "Masulani pang'ono."

"Ndimasule chiyani?"

"Jeke. Mwathinitsa."

A Francisko anaseka. "Akutumani ogulitsa kachasu eti? Kawauzeni kuti Loweruka tikumwera pomwepo. Sindimasula!"

"Dzino limodzi lokha la jekeyo... ndipume."

"Mphumu amachiza ku chipatala, madala. Dzina ndani?"

"Maluwa. Wa pa jeke."

Mwezi unatuluka mumtambo. A Francisko anayang'anitsitsa. Mutu unalipo. Miyendo inalipo. Koma chifuwa... chifuwa chinali phwathalala ngati tsamba la m'belo!

Mluzu unauma. Anawonjeza liwiro. Fwii... pakhutu lamanja. Anathamanga. Fwii... lamanzere!

"Sindimasula!" anakuwa, nsapato ya ku Joni ikutsalira m'matope.

Anakagwera pakhomo pa azakhali awo a Anjelina, amene pa utsikana wawo ankasankha fodya pa shediyo. Iwo anamvetsera nkhani yonse, korona ali m'manja.

"Wati Maluwa?"

"Eya. Kawawa wina wake."

"Ngongole ya pakamwa pako siitha. Maluwa anali wopondera fodya m'bokosi la jeke. Tsiku lina anakomoka momwemo ndi kutentha, anzake osamuona, n'kutsitsa chitsulo. Tinamuika ine ndisanakwatiwe, nthawi ya Chitaganya, a Welensky asanachoke. Kuyambira pamenepo jeke ankagona chokweza. Ngakhale mzungu sankalola kuti agone chotsitsa."

Kunja, pafupi ndi zenera, kunamveka fwii...

"Azakhali," ananong'ona a Francisko, "wowotcherera uja amagona patali?"